Kusintha mphamvu za komishoni yoteteza nyumba zakale kudzera mu charter ya mzinda ku United States

M'mizinda yambiri ya ku United States muli madera omwe mwini nyumba sangachotse zenera lakale, kusintha denga kapena kugwetsa khonde asanapatsidwe chilolezo ndi komishoni yoyang'anira nyumba zakale. Mzinda wa Charleston ku South Carolina ndi umene unayambitsa dongosololi mu 1931, ndipo lero lafala dziko lonselo. Chilolezocho m'malo ambiri chimatchedwa Certificate of Appropriateness, ndipo popanda icho ofesi yopereka ziphaso za zomangamanga sikuloleni kuyamba ntchito.

Odandaula ndi komishoni zimenezi ali mbali ziwiri. Ena amati zanyanya mphamvu: zimachedwetsa anthu, zimawaumiriza kugula zipangizo zodula, ndipo zikakana palibe kothawira kwapafupi. Ena amati n'zopanda mano: zimangolangiza, khonsolo n'kumaloleza kugwetsa nyumba zomwe zinayenera kusungidwa. Onsewa akatopa amayamba kuyang'ana ku charter, chikalata cha malamulo aakulu oyendetsera mzinda, chomwe m'zigawo (states) zambiri za dzikolo chimasinthidwa ndi ovota okha. Njira imeneyi imagwira ntchito, koma ndi yolemetsa, ndipo imafika pokhapo pomwe boma la chigawo linasiyira mzinda. Ntchito yaikulu ili pa kudziwa malire amenewo musanasainitse munthu ndi mmodzi yemwe.

Fufuzani pomwe mphamvu iliyonse yalembedwa

Mphamvu za komishoni zimakhala m'zikalata zinayi zosanjikizana. Pamwamba pali lamulo la chigawo lololeza mizinda kukhazikitsa madera otetezedwa. Pansi pake pali charter ya mzinda. Kenako lamulo la khonsolo, lomwe amalitcha ordinance, ndipo ndi limene nthawi zambiri linakhazikitsa komishoniyo n'kujambula malire a deralo. Pansi penipeni pali malangizo a kamangidwe ndi ndondomeko ya misonkhano, zomwe komishoni imadzilembera yokha kapena kulemberedwa ndi ofesi ya mapulani.

Pezani zonse zinayi, muzisindikize. Pa pepala lina lembani mizere itatu: dandaulo, ndime yomwe ikubweretsa dandaulolo, ndi chikalata chomwe muli ndimeyo. Mukamaliza mudzaona kuti madandaulo ambiri sali mu charter n'komwe. Nkhani ya mazenera a pulasitiki, mipanda kapena masola a padenga imakhala m'malangizo a kamangidwe, ndipo angasinthidwe pa msonkhano umodzi kapena iwiri ya komishoni. Nkhani ya chindapusa ndi ya ntchito zing'onozing'ono zosafuna chilolezo imakhala mu ordinance, yomwe makhansala ochuluka angaisinthe m'miyezi yochepa. Charter ndi yoyenera pamene vuto lili pa mphamvu yeniyeniyo, monga wosankha makomishonala, wokhala ndi mawu omaliza ndi kopita munthu akakanidwa, kapena pamene khonsolo yakana kusintha ordinance ndipo mukufuna kuti makhansala a mtsogolo asadzabweze zomwe mwakonza.

Onetsetsaninso kuti mukulimbana ndi chinthu choyenera. National Register of Historic Places, kaundula wa boma lalikulu wokhazikitsidwa ndi lamulo la 1966, saletsa mwini nyumba kusintha kapena kugwetsa nyumba yake ndi ndalama zake. Choletsa ndi dera lokhazikitsidwa ndi mzinda. Kawirikawiri madera awiriwa amalowererana koma malire ake si amodzi, choncho tengani mapu a onse awiri.

Lamulo la chigawo ndi limene limatchinga njira

Mizinda ya ku America ilibe mphamvu zakezake. Mfundo yomwe woweruza John F. Dillon wa ku Iowa analemba mu 1868 imati mzinda uli ndi mphamvu zokhazo zomwe chigawo chaupatsa. Zigawo zambiri zinafewetsa mfundoyi popatsa mizinda ufulu wodzilembera charter, womwe amautcha home rule, komabe charter singatsutsane ndi lamulo la chigawo pa nkhani yomwe chigawocho chinagamula kale. Ndipo si mzinda uliwonse uli ndi charter. Ku Texas ufuluwu ndi wa mizinda ya anthu oposa 5,000, ndipo ku California mizinda yambiri imayendera malamulo a chigawo basi. Ngati wanu ndi wotere, palibe choti musinthe, njira yanu ndi ya ku khonsolo kapena ku nyumba ya malamulo ya chigawo.

Apa ndi pomwe magulu ambiri amagwera, choncho tione zitsanzo. Ku Michigan, lamulo la Local Historic Districts Act la 1970 limati munthu wokanidwa chilolezo achite apilo ku State Historic Preservation Review Board, bungwe la chigawo loona zoteteza zakale, pasanathe masiku 60, ndipo akapanda kukhutira apite ku khoti. Mukalemba mu charter kuti apilo izipita kwa makhansala, mwatsutsana ndi lamulo la chigawo, ndipo ndime yanuyo ili pa chiopsezo chogwa kukhoti ngakhale ovota ataivomereza ndi mavoti ochuluka bwanji. Lamulo lomwelo limanena chiwerengero cha makomishonala: asanu ndi awiri mpaka asanu ndi anayi m'mizinda ya anthu 5,000 kapena kuposerapo, asanu mpaka asanu ndi awiri m'mizinda yocheperapo. Ku Massachusetts, lamulo la chigawo lotchedwa Chapter 40C limatumiza apilo ku khoti la superior court pasanathe masiku 20. Ku Connecticut lamulo la chigawo linachotseratu mtundu wa penti m'manja mwa komishoni, ndiye ofuna kuwonjezera mphamvu sangaubwezemo kudzera mu charter. Ku New Orleans, kuti komishoni ya Vieux Carré, dera lakale la mzindawo, ikhale ndi mphamvu zenizeni, panafunika kusintha malamulo aakulu a chigawo chonse cha Louisiana mu 1936.

Werengani lamulo la chigawo chanu ndime ndi ndime, mukulekanitsa zomwe likulamula ndi zomwe likusiyira mzinda kusankha. Zosiyidwazo ndi zomwe mungagwire. Kenako pitani nazo kwa loya wodziwa malamulo a mizinda ndi a zisankho, osati loya wa malonda a nyumba. Mupempheni ayankhe molemba mafunso awiri: kodi ndime iliyonse ikugwirizana ndi lamulo la chigawo, ndipo kodi nkhaniyi ndi yololedwa kupita kwa ovota kudzera mu pempho la nzika? Funso lachiwirili n'lofunika chifukwa makhoti a zigawo zina salola kuti malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka malo asinthidwe ndi pempho la nzika, poti pali ndondomeko ya zidziwitso ndi misonkhano yomwe lamulo limafuna.

Umboni wa m'mafayilo

Musanalembe kalikonse, pemphani kwa mlembi wa mzinda mafayilo a komishoni a zaka zitatu mpaka zisanu, pogwiritsa ntchito lamulo la chigawo lopatsa anthu ufulu woona zikalata za boma. Pa pempho lililonse lembani tsiku lomwe linaperekedwa, tsiku lomwe linagamulidwa, mtundu wa ntchito, ngati linavomerezedwa, kukanidwa kapena kuvomerezedwa ndi zoyenera kutsatira, ndiponso kangati linaimitsidwa kudikira msonkhano wina. Lembaninso misonkhano yomwe inalephereka chifukwa makomishonala sanakwane.

Zotuluka zake nthawi zambiri zimasintha maganizo a gulu. Mungapeze kuti okanidwa ndi ochepa kwambiri, ndipo chowawa anthu ndi kudikira miyezi itatu chifukwa komishoni imakumana kamodzi pa mwezi ndipo imabweza fomu ikasowa chojambula chimodzi. Ngati ndi choncho, mankhwala ake ndi malire a nthawi ndi kulola ogwira ntchito mu ofesi kuvomereza ntchito zing'onozing'ono, osati kulanda komishoni mphamvu. Otsutsana nanu adzawerenga mafayilo omwewo, ndipo mukamakopa anthu ndi nkhani imodzi yomvetsa chisoni pomwe manambala akunena zina, adzakuyalutsani pa msonkhano woyamba.

Zoyenera kulowa mu charter

Ikani mafupa okha. Chilichonse chomwe mwalemba mu charter chidzafuna chisankho china kuti chisinthidwe, ndiye mndandanda wa zipangizo zololedwa kapena kuchuluka kwa chindapusa si za umu. Zipangizo zimasintha, ndalama imatsika mphamvu. Zoyenera ndi izi.

Kasankhidwe ka makomishonala. Nenani chiwerengero, wowasankha, wowavomereza, zaka za udindo, ndi zifukwa zochotsera munthu. Ovota a ku San Francisco atavomereza Proposition J mu November 2008, anachotsa bungwe lakale lomwe linkangolangiza n'kuika mu charter komishoni ya anthu asanu ndi awiri, osankhidwa ndi meya n'kuvomerezedwa ndi Board of Supervisors, yomwe ndi khonsolo ya mzindawo. Mipando isanu ndi umodzi ndi ya akatswiri, monga ojambula mapulani a nyumba ndi odziwa mbiri yakale, umodzi ndi wa munthu wamba. Ku New York komishoni ili ndi anthu 11, ndipo payenera kukhala wokhala m'dera lililonse mwa madera asanu a mzindawo. Mzinda waung'ono usatengere izi mwachimbulimbuli. Mukafuna akatswiri asanu m'tauni momwe muli wojambula mapulani mmodzi, mipando idzakhala yopanda anthu ndipo misonkhano idzalephereka. Lembani kuti meya ayesetse kupeza katswiri, ndipo akasoweka pakapita masiku oikika asankhe munthu wina wodziwa za nyumba zakale. Ngati mukufuna mipando ya eni nyumba a m'deralo, kumbukirani kuti iwowa adzayenera kudzipatula nkhani ya mnansi wawo ikamakambidwa, choncho ikanimo makomishonala ogwirizira. Ku Connecticut amakhala asanu okhazikika ndi atatu ogwirizira.

Kukhazikitsa kapena kukulitsa dera. Nenani woyambitsa, wogamula, ndi gawo la eni nyumba. Zigawo zina zinagamula kale. Ku Connecticut pamafunika magawo awiri mwa atatu a eni malo omwe avota. Ku Massachusetts pamafunika magawo awiri mwa atatu a khonsolo kapena a msonkhano wa tauni. Ku Texas kuyambira 2019, nyumba singaikidwe pa chitetezo mwini wake asakufuna pokhapokha magawo atatu mwa anayi a khonsolo ndi a komishoni atavomereza.

Malire a nthawi. Iyi ndi ndime yomwe imathandiza anthu ambiri ndipo imakanganitsa ochepa. Zigawo zina zili nayo kale: masiku 60 ku Michigan ndi ku Massachusetts, 65 ku Connecticut, ndipo komishoni ikapanda kugamula mwini nyumba amapeza chilolezo. Kumene kulibe, ilembeni, koma samalani chinthu chimodzi. Masikuwo amayamba kuwerengedwa pempho likakhala lokwanira, ndipo ofesi ikhoza kungonena kuti silinakwane mpaka kalekale. Tsekani mpatawo motere: ofesi iyankhe molemba pasanathe masiku 10 kapena 14, kutchula chilichonse chosowa kamodzi kokha, ndipo ikapanda kutero pempholo liwerengedwe kuti ndi lokwanira. Kuwonjezera masiku kuchitike pokhapokha mwini nyumba atavomera molemba. Dziwaninso kuti malire aafupi kwambiri amabala kukana, chifukwa komishoni yomwe nthawi yaithera imangokana kuti chilolezo chisatuluke chokha.

Apilo, kumene chigawo chasiyira mzinda. Kunena kuti apilo ipite ku khonsolo sikokwanira. Nenani ngati makhansala adzamva nkhaniyo kuyambira pachiyambi kapena adzangoona ngati komishoni inatsatira malamulo ake pa umboni womwe inali nawo. Njira yoyamba imasandutsa komishoni malo ongodutsapo, ndipo mwini nyumba wodziwana ndi makhansala amapambana pomwe wosadziwika amaluza. Njira yachiwiri, kwa ife, ndi yabwinopo kwa mbali zonse. Nenaninso oyenera kuchita apilo, kaya wopempha yekha kapena anansi omwe, masiku ochitira apilo, ndi ngati ntchito iime podikira.

Kugwetsa nyumba ndi kulephera kwa chuma. Pali komishoni zomwe zingakane kugwetsa mpaka kalekale, pali zomwe zingangochedwetsa kwa miyezi ingapo kuti papezeke wogula. Sankhani chimodzi, mulembe momveka. Kulikonse komwe mwasankha, payenera kukhala khomo la mwini nyumba yemwe sangapezenso phindu lililonse loyenera pa malo ake. Pa mlandu wa Penn Central ndi mzinda wa New York mu 1978, wokhudza siteshoni ya Grand Central, khoti lalikulu la dziko lonse, Supreme Court, linavomereza malamulo oteteza nyumba zakale, koma linati makhoti aziona kukula kwa zomwe mwini wataya ndi zomwe ankayembekezera poikapo ndalama zake. Ofuna kuwonjezera mphamvu akachotsa khomo limeneli amaika mzinda pa milandu ya chipukuta misozi. Ofuna kuchepetsa mphamvu akalitsegula kwambiri amapatsa mwayi munthu wolekerera nyumba dala kuti denga ligwe, kenako n'kumati kukonza n'kodula. Lembani kuti vuto lodzipangira yekha siliwerengedwa.

Misampha iwiri yoti muidziwe. Woyamba ndi kupatsa anansi mphamvu yovomereza kapena kukana ntchito ya mnzawo. Supreme Court inagwetsa malamulo otere pa mlandu wa Eubank mu 1912 ndi wa Roberge mu 1928, poti boma silingapereke mphamvu zake kwa anthu wamba opanda muyezo wowatsogolera. Voti ya mzinda wonse ndi ina: mu 1976 khotilo linavomereza ndime ya charter ya Eastlake ku Ohio yofuna 55 peresenti ya ovota pa kusintha kagwiritsidwe ntchito ka malo. Msampha wachiwiri ndi ndalama. Mizinda yomwe ili mu dongosolo la Certified Local Government, lokhazikitsidwa mu 1980, imagawana gawo losachepera 10 peresenti la thandizo lomwe boma lalikulu limapereka ku chigawo pa ntchito yoteteza zakale. Kuti mzinda ukhalemo, uyenera kukhala ndi komishoni yoyenerera ndi lamulo lomwe likutsatidwa. Lemberani ofesi ya State Historic Preservation Officer, mkulu wa chigawo woyang'anira ntchito yoteteza zakale, muifunse ngati kusintha kwanu kungachotsetse mzinda m'dongosololi, ndipo yankho lake musunge.

Kalembedwe

Tanthauzirani mawu aliwonse omwe ndime yanu yatsamirapo. Ku Houston ovota anaika mu charter mu 1994 ndime yoti zoning, malamulo ogawa malo malinga ndi kagwiritsidwe ntchito kake, singakhazikitsidwe popanda riferendamu, koma sanafotokoze zomwe zikuphatikizidwa. Chaka chotsatira khonsolo inapanga lamulo loteteza nyumba zakale. Eni nyumba ena atasuma, khoti lalikulu la Texas linagamula mu 2021, pa mlandu wa Powell, kuti lamulolo si zoning, choncho silinafune riferendamu. Ngati mukufuna kuti ndime yanu ikhudze madera a nyumba zakale, atchuleni.

Gwirani mutu umodzi pa funso limodzi lopita kwa ovota. Michigan imalamula zimenezi mwachindunji, ndipo zigawo zina zambiri zili ndi lamulo lofanana. Ngati mukusintha kasankhidwe ka makomishonala komanso malire a nthawi, funsani loya ngati zingakhale funso limodzi. Kuzigawa kuli ndi vuto lake, poti lina likhoza kupambana lina n'kugwa, ndiye lililonse lilembedwe moti lingaime palokha.

Kumapeto kwa ndime zanu ikani zinthu zinayi zomwe olemba ongoyamba amaiwala: tsiku lomwe kusinthaku kudzayambe kugwira ntchito, zomwe zidzachitikire mapempho omwe ali kale mu ofesi, zomwe zidzachitikire makomishonala omwe alipo, ndi mawu oti ndime imodzi ikagwa kukhoti zotsalazo zipitirire. Onjezani masiku oikika, monga 120 kapena 180, oti khonsolo ikonze ordinance kuti igwirizane ndi charter, ndipo nenani kuti ikachedwa ndime za charter zidzagwira ntchito zokha. Popanda mawu amenewa, khonsolo yomwe sinafune kusinthaku ikhoza kungokhala chete.

Njira zofikira pa pepala lovotera

Zilipo zitatu: khonsolo kuika funsolo yokha, pempho losainidwa ndi ovota, kapena komiti yapadera younikanso charter. Yambani ndi khonsolo ngakhale mukudziwa kuti ikana. Ndi yotchipa, loya wa mzinda amaunika mawu anu ulere, ndipo kukana kwawo kumakupatsani chonena kwa osaina. Ku Michigan pamafunika magawo atatu mwa asanu a makhansala, ku Ohio magawo awiri mwa atatu.

Pa pempho la nzika, chiwerengero chimasiyana kwambiri. Michigan imafuna 5 peresenti ya olembetsa kuvota. Texas imafuna 5 peresenti kapena anthu 20,000, chomwe chachepa. Florida imafuna 10 peresenti, mizinda ya California 15 peresenti. Ohio imafuna 10 peresenti, koma yowerengera pa mavoti omwe anaponyedwa pa chisankho chapita cha mzinda, zomwe zimatsitsa nambala kwambiri. Ku Connecticut ndi ku Massachusetts pempho lalikulu silipititsa mawu anu kwa ovota mwachindunji. Limatsegula komiti younikanso charter, pa masiginecha 10 peresenti ku Connecticut ndi 15 peresenti ku Massachusetts, ndipo komitiyo ikhoza kutenga maganizo anu, kuwasintha kapena kuwasiya. Funsani mlembi wa mzinda akupatseni nambala yeniyeni molemba, ndi tsiku lomwe anawerengera.

Kusainitsa

Tiyerekeze mzinda wa olembetsa 40,000 komwe kukufunika 5 peresenti. Ndiye kuti masiginecha 2,000 ovomerezeka. Osalekera pa 2,000. Konzekerani 2,600 kapena kuposerapo, chifukwa ena adzatayidwa: wosaina sanalembetse kuvota, anasamuka koma kaundula ali ndi keyala yakale, amakhala kunja kwa malire a mzinda ngakhale keyala yake ya positi ili ndi dzina la mzindawo, wasaina kawiri, kapena waiwala tsiku. Choopsa kuposa zonsezi ndi cholakwa cha wosainitsa. Pepala lililonse limakhala ndi malo oti iye atsimikize kuti anaona aliyense akusaina. Akalemba tsiku loyambirira kuposa la wosaina womaliza, kapena akasiya pepala pa kauntala ya sitolo kuti anthu azisaina okha, pepala lonse likhoza kutayidwa ndi masiginecha ake onse.

Motero pezani kaundula wa ovota ku ofesi ya zisankho, ndipo sabata iliyonse anthu awiri azifananiza mapepala obwera ndi kaundulayo, kuti muzidziwa nambala ya ovomerezeka osati ya osaina. Musasinthe ngakhale liwu limodzi la ndime zanu kusainitsa kukayamba, chifukwa osaina oyamba ndi omaliza adzakhala atasainira zinthu zosiyana. Fomuyo ionetseni kwa mlembi musanaisindikize yambiri, poti zigawo zina zimanena kukula kwa zilembo ndi mawu a chenjezo oyenera kukhala pamwamba. Masiginecha amakalamba: ku Michigan opitirira chaka chimodzi sawerengedwa. Kulipira osainitsa n'kololedwa, Supreme Court inatero pa mlandu wa Meyer ndi Grant mu 1988, koma zigawo zina zimaletsa kulipira pa siginecha iliyonse.

Musanalandire kapena kugwiritsa ntchito dola yoyamba, fufuzani za kulembetsa gulu lanu ngati komiti ya kampeni, ndi msungichuma ndi akaunti yakeyake ku banki. Kuphonya malipoti a ndalama kumabweretsa chindapusa ndi mitu ya nkhani yoipa.

Kalendala iwerengeni chobwerera kuchokera pa tsiku la chisankho. Chotsani masiku omwe ofesi ya zisankho imafuna kuti isindikize mapepala, masiku a mlembi oti aunike masiginecha, omwe ku Michigan ndi 45, misonkhano ya khonsolo yoika funsolo, ndi kuunika kwa chigawo. Ku Michigan kusintha kulikonse kumapita kaye kwa bwanamkubwa wa chigawo. Akatsutsa, funso lochokera kwa nzika limapitabe kwa ovota, koma kutsutsako kumakhala chida cha adani anu. Siyaninso masabata angapo a mlandu, poti wina akhoza kusuma kuti funsolo lichotsedwe.

Kampeni ndi tsiku lovota

Ovota ambiri adzaona nkhani yanu koyamba ali m'chipinda chovotera, pa mawu ochepa olembedwa pa pepala. Ku Michigan mawuwo saposa 100 ndipo sayenera kukondera. Fufuzani amene amawalemba m'chigawo chanu, muwaone msanga, ndipo ngati akusocheretsa dandaulani nthawi isanathe.

Chovuta chenicheni n'chakuti dera lakale ndi kachigawo kakang'ono ka mzinda, koma ovota ndi mzinda wonse. Ambiri sanapemphepo chilolezo cha komishoni ndipo sadzapempha. Munthu wosamvetsa funso amakonda kuvota ayi. Uthenga wanu ukwane m'ziganizo ziwiri zonena chomwe chisinthe ndi chomwe sichisintha, ndipo ukhale ndi manambala a m'mafayilo aja. Lankhulani ndi mabungwe oteteza zakale, amalonda a nyumba, amisiri omanga, mipingo ya m'deralo ndi anthu a lendi musanalengeze. Nthawi zambiri mbali yotsutsa imalola malire a nthawi ndi kuvomereza kwa mu ofesi posinthana ndi kusiya mphamvu yoletsa kugwetsa, ndipo mgwirizano wotere ukhoza kudutsa ku khonsolo popanda chisankho. Komishoni ndi ofesi za mzinda m'zigawo zambiri siziloledwa kugwiritsa ntchito ndalama za boma pokopera mbali imodzi, ngakhale zingapereke chidziwitso.

Kugwa kuli ndi mtengo. Ku Michigan funso lokanidwa silibwereranso kwa zaka ziwiri. Ku Texas charter singasinthidwe koposa kamodzi pa zaka ziwiri, choncho kusintha kwina kukadutsa pa chisankho chomwe inu mwaphonya, mudikira.

Mukapambana

Mavoti akatsimikizidwa, kusinthaku kuyenera kutumizidwa kumene lamulo likunena. Ku California sikuyamba kugwira ntchito mpaka kutalandiridwa ku ofesi ya Secretary of State, mlembi wamkulu wa boma la chigawocho. Tsatirani mlembi mpaka muone kope lodindidwa. Kenako bwererani ku pepala lija la mizere itatu, mulembe ndime iliyonse ya ordinance, ya malangizo a kamangidwe ndi ya mafomu yomwe tsopano ikutsutsana ndi charter, muipereke kwa loya wa mzinda ndi ku ofesi ya mapulani. Mafomu ndi amene amachedwa kusinthidwa, ndipo wogwira ntchito pa kauntala amatsatira fomu yomwe ili m'manja mwake, osati charter. Tumizaninso kope ku ofesi ya State Historic Preservation Officer. Pakatha chaka pemphaninso mafayilo a komishoni, muwerenge masiku ndi zigamulo monga munachitira poyamba, ndipo mufananize ndi manambala akale pa msonkhano wa khonsolo.